Pau wa Abiti Saidi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mayi anga anandipatsa ntchito ya ukazitape, ndipo munthu amene ndinkayenera kumuzonda anali bambo anga ondibereka. Tinkakhala ku Sanjala, ku Lichinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri yofolera ndi malata, imene m'miyezi ya Juni ndi Julayi inkazizira ngati m'kati mwa mtsuko. Nkhondo ya pachiweniweni inali itafika mpaka kuminda ya ku Chimbonila, kwawo kwa mayi, ndipo tauni inali itadzaza ndi anthu othawa. Masiku amenewo aliyense ankakayikira mnzake. Munthu akanenepa, ankati amadya ndi akandonga, amalonda amseri aja. Akaonda, ankati amudyetsa. Akakhala chete, ankati ali ndi abale kutchire. Khalidwe limeneli ndinachita kuyamwa, moti mpaka lero munthu akandipatsa moni kawiri ndimayamba kudzifunsa chimene akufuna kwa ine.

Bambo, a Benado, anali kalaliki. Anayamba ntchito tauniyi ikadatchedwa Vila Kabrali, Apwitikizi asanapite, ndipo kwa azungu aja sanatengereko chilankhulo ndi tayi zokha ayi. Anatengerakonso buledi, amene kuno timati pau. M'mawa pau, madzulo pau, womwera tiyi wa masupuni anayi a shuga. Mgaiwa sankafuna n'kuuona komwe, ankati ndi chakudya cha akaidi. Ngakhale ufa wa chimanga ankafuna wokonola, woviika masiku angapo, woyera mbee, ndipo mayi akasiya kagaga pang'ono, iwo ankakankha mbale ndi nsonga za zala. Ufulu utabwera mbendera inasintha, dzina la tauni linasintha, anthu anasiya kunena senyoro n'kuyamba kunena kamarada, koma mimba ya bambo inakhalabe ya ku Vila Kabrali. Inali mimba yotsogola, yoti munthu unkayamba waiona iyo pakhomo mwiniwake asanalowe.

Nkhondo itakula, pau anayamba kusowa. Sitima yochokera ku Cuamba inkabwera mwa apo ndi apo, kenako tinasiya n'kuiyembekezera komwe. Nyumba yophikira pau inkatsegula tsiku limene yapeza ufa, ndipo anthu ankasunga malo pabicha, mzere wautali uja, poikapo miyala, zitini ndi madengu othyoka. Mwala wathu unali ndi kadontho ka penti wofiira. Nthawi zambiri ndinkabwerera nawo kunyumba mwalawo, pau nditamusowa, ndipo bambo ankauyang'ana ngati ndiwo wawalakwira.

Ndi m'nyengo yomweyo pamene matenda awo anaonekera poyera. Anayamba ndi ludzu. Ankamwa madzi chikho pachikho, n'kumangopita kuseri kwa nyumba. Mimba ija inayamba kuphwa, kolala ya malaya n'kumalendewera m'khosi. Maso anachita chifunga, moti nyuzipepala ankaitalikitsa, kuiyandikitsa, kenako n'kuitaya pampando. Nsapato inawatupitsa chithuza pa chala chachikulu cha kuphazi, chithuzacho chinaphulika, ndipo chilonda chinakana kupola. Koma chimene chinawaopsa mayi kwambiri chinali nyerere. Kuseri kwa bafa, pamene bambo ankatayira madzi, nyerere zinkasonkhana bii, mzere wochokera kumpanda. Pamene tinkatayira enafe panalibe ndi imodzi yomwe.

“Nyerere sizitsata munthu wabwinobwino,” anatero mayi, atagwira tsache m'manja. “Pali amene wazituma.”

Kuchipatala ndinawaperekeza ndine, chifukwa maso awo sankaonanso bwino maenje a mumsewu, ndipo mayi anali pabicha ya mchere. Tinapeza namwino wachinyamata, wowonda, wovala magalasi othyoka mwendo umodzi n'kumangidwa ndi ulusi. Anathira mkodzo wa bambo m'kabotolo kakatali momwe munali madzi abuluu, n'kukawotcha pa kamoto. Ndinaona ndi maso angawa madziwo akusintha, kukhala obiriwira, achikasu, mpaka kufiira ngati dothi la kwathu kuno. Namwinoyo anapukusa mutu. Anayamba kulankhula Chipwitikizi ndi bambo, koma ataona kuti iwo akungoyang'ana padenga, anatembenukira kwa ine n'kulankhula Chinyanja.

“Mwana iwe, umve bwino, chifukwa atate akowa sakufuna kumva. Ali ndi matenda a shuga. Tirigu akamamupera kuti akhale woyera, amachotsa gaga yense ndi kamtima kake. Chotsalacho chikalowa m'mimba sichichedwa, chimasanduka shuga n'kuthamangira m'magazi, ndipo thupi lawo latopa ndi shugayo. Ufa woyera wa chimanga nawonso ndi womwewo. Mankhwala ndilibe okwanira, sindikunamizeni. Asiye pau, asiye shuga. Azidya mgaiwa pang'ono, nyemba zambiri ndi masamba, ndipo aziyenda. Akapitiriza, phazi ili tidzadula.”

Pobwerera ine ndi bambo tinafika pa mitengo ya paini. Pamenepo anaima, n'kundigwira paphewa.

“Mena, wamva zimene wanena kamnyamata kaja? Usazitenge. Boma likasowa tirigu limatuma anthu ake kuti azinena kuti pau amadwalitsa, kuti tisiye kufunsa. Wotsalayo amadya okha. Azungu adya pau chiyambire, unamuonapo mzungu akutsatidwa ndi nyerere? Amayi ako tikawauze kuti ati ndi kutopa kwa magazi. Zinazo ndi za ine ndi iwe.”

Kunena zoona, zinandimvekera. M'tauni imene wailesi inkanena kuti zonse zili bwino ife tikumva mfuti ku Chimbonila, kukayikira munthu wa yunifomu kunali kosavuta. Komanso pau anali chinthu choyera, chaukhondo, chochokera kutali, chodyedwa ndi anthu ophunzira. Chinthu chotere chingadwalitse munthu bwanji, mgaiwa wakuda uja n'kumuchiritsa? Ndinavomera, ndipo mayi, amene sanapite kusukulu, analandira kutopa kwa magazi kuja ndi nkhope yosakhutira.

Patangopita milungu yochepa, bambo anayamba kuchedwa pobwera kuntchito Lachiwiri ndi Lachinayi. Ankafika dzuwa litapendeka, osafuna chakudya, ludzu lokhalokha. Mayi ananunkhiza jekete lawo n'kupeza kuti likumveka utsi wa nkhuni ndi kafungo ka usipa. Kenako mayi wina wa kutchalitchi anawatsina khutu kuti a Benado amaoneka akulowa kwa Abiti Saidi.

Abiti Saidi anali mayi wamasiye wachisilamu wochokera kunyanja, amene ankakhala nyumba yachinayi kuchokera kwathu ndi mwana wawo Asiyatu. Asiyatuyo tinkakhala benchi limodzi kusukulu, ndipo tinkagawana pensulo imodzi yoduka pakati. Abiti anali aatali, osalankhulalankhula, ofunda kumutu nthawi zonse. Analibe mwamuna, analibe ntchito ya boma, analibe wachibale pakati pa akuluakulu a bairo, dera lathu la m'tauni, ndipo masiku amenewo munthu wotere sankachedwa kulozedwa chala.

“Mena,” anatero mayi Lachinayi lina, akundimanga kapulana, chitenje cha kuno, m'chiuno ngati akundituma kunkhondo, “ukachoka kusukulu usabwere kuno. Ukabisale pafupi ndi kwa mkazi uja. Ukaone chimene amawadyetsa atate ako. Amuna sachita kuonda okha chonchi, alipo kondaine amene wapitirira muyeso.”

Ndinakabisala kuseri kwa mpanda wa mapesi wa kwa Abiti. Ndinkayembekezera kuona nyanga, mikanda, kapena zinthu zimene ana sitiyenera kuona. Chimene ndinaona chinandikhumudwitsa ndithu. Bambo anali atakhala pa kampando kakafupi, mawondo ali m'mwamba ngati mwana wa kalasi yoyamba, akudya pau. Abiti anali chapatali, pa uvuni wadothi umene anaumanga kuseri kwa nyumba, akutulutsa mapau ndi chitsulo chachitali. Sankasekerana, sankayang'anana n'komwe. Mchimwene wawo wa Abiti, wogulitsa usipa wouma, ndiye ankabweretsa ufa wa tirigu kuchokera kutsidya la nyanja, ataubisa pansi pa nsomba m'thumba, ndipo n'chifukwa chake pau wawo ankamveka kausipa pang'ono. Bambo anadya mmodzi, wachiwiri, wachitatu, akuviika m'tiyi. Anali atatseka maso.

Anandiulula ndi mapazi anga, amene ankaonekera pansi pa mpanda. “Kazitape wanu uyo, Che Benado,” anatero Abiti, osatembenuka n'komwe. Bambo anadzidzimuka mpaka tiyi anatayikira pa thalauza. Atandiona anaseka mwamanyazi, n'kunyema pau wachinayi pakati.

Sindidzaiwala pau ameneyo. Anali wotentha, kunja kokhuthala, m'kati mofewa ngati thonje, ndipo ine ndinali nditatha miyezi ndikudya chinangwa chouma. Ndinadya ndikudziwa kuti akundigula. Madzulo ndinawauza mayi kuti bambo amangodutsa pakhomo pa Abiti popita kukacheza ndi anzawo kumsika. Kuyambira tsiku limenelo, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse kazitape ankalandira theka lake. Chodabwitsa chinali chakuti ndikadya pau uja ndinkakhuta msanga, koma pasanathe maola awiri njala inkabwerera yoposa poyamba, miyendo n'kumanjenjemera. Ndinkaganiza kuti ndi chilango cha bodza.

Tsiku lina tinapeza Abiti atakhala pa mphasa, uvuni uli wotseka. Anatilonjera bwinobwino, kenako analankhula akuyang'ana phazi la bambo, limene tsopano linkavala patapata chifukwa nsapato sinkalowanso.

“Che Benado, ine ndine wamalonda, koma maso ndili nawo. Mukadya pau wanga mumamwa madzi mtsuko wathunthu. Mukapita kuseri kwangaku, nyerere zimabwera. Amalume anga kunyanja ankaphikira azungu, ankadya zoyera zokhazokha ngati inuyo. Anayamba chonchi, chala, kenako mwendo wonse. Wallahi, sindifuna kuti mudzafere pa uvuni wanga. Lero ndikupatsani mmodzi, ndipo musabwerenso.”

Bambo anayamba ndi kukalipa, akuti kodi nawonso atumidwa ndi boma. Kenako anayamba kuchonderera. Ndinachita manyazi kuona munthu wa tayi akuchonderera chonchija. Abiti sanasinthe. Anakulunga pau mmodzi m'kansalu kong'ambidwa ku kapulana yawo yakale, n'kuwapatsa. Tikutuluka, anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi: “Mwanawe, ukawauze amako zimene ndanenazi. Iwo ndiwo amaphika, ayenera kudziwa.”

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sindinawauze.

Bambo sanadye pau uja tsiku lomwelo. Anadya theka mawa lake kuofesi, ndi tiyi wa shuga amene ankabisa m'kabati, ndipo chakumasana anagwa pansi. Anzawo anawanyamula pampando mpaka ku Sanjala, milomo itauma, akulankhula zosamveka. Mayi powavula jekete anapeza theka lotsala lija, lili m'kansalu. Nsaluyo anaidziwa nthawi yomweyo, chifukwa bairo yonse inali itaona Abiti ataivala. Sanalire. Anaipinda bwinobwino, n'kupita nayo kwa sekeletale wa bairo.

Mlandu unakambidwa Loweruka m'mawa, pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo ya bulugamu. Kunali chifunga ndi mphepo yolowa m'mafupa, koma anthu anabwera ambiri, atafunda mabulangete. Sekeletale anali munthu wamfupi wa chipewa chaubweya, amene ndikukhulupirira kuti nayenso anadyako pau wa Abiti, ngakhale umboni ndilibe. Anayamba ndi kunena kuti dziko latsopano silikhulupirira za ufiti. Atatero, anafunsa mafunso a ufiti okhaokha. Bambo anali atatsitsimuka koma ali chigonere kunyumba, ndipo anthu amene anatumidwa kukawafunsa anabwera ndi yankho lakuti sakukumbukira kalikonse. Ndinawamvetsa pambuyo pake. Kwa iwo kunali bwino kutchedwa munthu wolodzedwa kusiyana ndi kutchedwa munthu amene anagonja kwa pau.

Kenako anaitana ine.

“Mwana, usaope. Unawaonapo atate ako kwa mayi awa?”

“Inde.”

“Ankawapatsa chakudya?”

“Inde.”

“Akadya, ankakhala bwanji?”

“Ankamva ludzu. Ankafooka.”

Anthu anang'ung'udza. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, ndipo mpaka pamenepo ndikanatha kudzikhululukira. Koma Abiti anapempha kuti andifunse okha. Anaimirira, Asiyatu atawagwira nsonga ya nsalu, ndipo analankhula mofatsa ngati tili awiri.

“Mena, mwanangu, unalipo tsiku lija. Nena zimene ndinawauza atate ako. Nena zimene ndinakutuma kwa amako.”

Ndinayang'ana mayi. Anali atandiyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti sakudziwa kuti ndinkalowa m'nyumba imeneyo. Ndikanayankha, zonse zikanatuluka pamaso pa bairo yonse: kuti milungu yonseyo ndinkawanamiza chifukwa cha theka la pau, kuti ndinamva mawu a namwino n'kuwabisa, kuti inenso ndinadya pau wa mkazi amene anthu ankamutcha mfiti, ndipo mawa lake ana akanandithawa pabenchi. Ndimafuna nditanena kuti ndinkateteza ulemu wa bambo, koma limenelo lingakhale bodza lachiwiri. Ndinkadziteteza ndekha.

“Sindinamve,” ndinatero.

Abiti sanandikalipire. Anangondiyang'ana pang'ono, kenako anakhala pansi n'kukonza nsalu yawo kumutu.

Chigamulo sichinatchule ufiti. Chinati Abiti Saidi amachita kandonga, alibe ntchito yodziwika, ndipo akusokoneza mabanja a anthu ogwira ntchito. Anyamata anakagumula uvuni ndi makasu tsiku lomwelo. Lolemba, Abiti ndi Asiyatu anakwezedwa pa lole ya m'gulu la magalimoto operekezedwa ndi asilikali, opita kunyanja, pamsewu umene masiku amenewo munthu ankatsanzika ngati sadzabweranso. Sindinapite kukawaona akunyamuka. Nditafika kusukulu ndinapeza theka la pensulo la Asiyatu lili pamalo panga pabenchi. Sindinadziwe ngati wandisiyira ngati mphatso kapena sanafune kutenga kanthu kalikonse kamene tinagawana, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene chinamangiriza bodza langa. Bambo anayamba kuchira.

Uvuni utagumulidwa, m'bairo monse munalibenso pau. Shuga anasowa m'tauni yonse, ngakhale wa m'kabati ya kuofesi uja anatha. Chimanga chinali chochepa kwambiri moti palibe mayi akanalola kutaya gaga, choncho tonse tinadya mgaiwa, ndi kalaliki yemwe. Azakhali anathawa ku Chimbonila atasenza thumba la nyemba, ndipo tinadya nyemba m'mawa ndi madzulo, ndi nkhwani, ndi chisoso chothyola m'mbali mwa msewu. Malipiro a kuofesi sankagulanso kanthu, ndiye bambo, akung'ung'udza, anayamba kutsika kudambo ndi khasu kukalima kamunda ka kabichi. Ankadya akudandaula kuti asanduka mkaidi. Koma itatha miyezi itatu chilonda chinauma. Ludzu linachepa. Tsiku lina ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala yakale popanda kuitalikitsa. Kuseri kwa bafa nyerere zinasowa.

Kwa mayi ndi bairo yonse, umboni unali utakwana. Mkazi uja wachoka, munthu wachira, mukufunanso chiyani? Azimayi ankabwera kwathu kudzafunsa nzeru za mmene angagwirire owadyetsera amuna awo. Ine ankanditcha mwana wamaso, ndipo mayi wa kutchalitchi uja anandipatsa mpango. Ndinauvala. Choipa kwambiri n'chakuti m'kupita kwa zaka inenso ndinayamba kukhulupirira pang'ono. Ndinkadziuza kuti mwina namwino analakwitsa, mwina m'pau muja munalidi kanthu, mwina mawu a Abiti aja anali ochenjera chabe. Munthu ukafuna kugona bwino, umapeza njira yokayikirira ngakhale zimene unamva ndi makutu ako.

Mtendere unabwera ndili ndi zaka pafupifupi makumi awiri, ndikuphunzira zauphunzitsi. Misewu inatseguka, malole anayamba kufika, ndipo nyumba zophikira pau zinatsegulanso, popanda bicha, popanda miyala. Kunabweranso shuga, mpunga woyera, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Bambo anataya khasu tsiku lomwelo. Ndikuwaona mpaka lero akubwera mumsewu wa Sanjala atakumbatira mapau asanu ngati mwana wakhanda, akumwetulira. “Dziko labwerera m'malo mwake,” anatero. Mayi nawo anayambanso kukonola ndi kuviika, akunyadira kuti mwamuna wawo sadzadyanso za akaidi. Ine ndinkaona zonsezi, ndipo ndinkangoti mwina sizichitika.

Chisanathe chaka, m'mawa wina, mayi anandiitanira kuseri kwa bafa. Analoza pansi ndi tsache. Mzere unali womwewo, wochokera kumpanda.

“Taona. Kapena mkazi uja wabwerera mobisa?” Maso awo anayenda m'nyumba za anansi, imodzi imodzi. Anaima pa nyumba ya mtsikana wina wogulitsa mandasi, amene anali atangosamukira kumene, wopanda mwamuna nayenso. “Koma uyu, umamuona bwanji? Amawapatsa moni kwambiri atate ako.”

Apo m'pamene ndinachita mantha enieni, oposa a pabwalo la sukulu paja. Ndinaona kuti zonse ziyambiranso, ndipo mwina adzanditumanso kuseri kwa mpanda. Ndinawalanda tsache, n'kuwakhazika pa mwala wochapira, ndipo ndinanena zonse. Za kabotolo kamene kanafiira, za mawu a namwino, za pa mitengo ya paini, za theka la pau la Lachiwiri ndi Lachinayi, za amalume a Abiti, ndi za uthenga umene ndinatumidwa koma osaufikitsa. Ndinayembekezera khofi, ngakhale ndinali wamkulu kale. Mayi anangoyang'ana nyerere zija nthawi yaitali.

“Ndiye kuti mkazi uja ankawakaniza?”

“Ankawakaniza.”

“Ine ndikuwakonolera ufa.”

Kenako anatembenukira kwa ine.

“Unali ndi zaka zingati, Mena?”

“Khumi ndi ziwiri.”

“Ine ndinali ndi makumi anayi,” anatero. “Sindinamufunse n'kamodzi komwe. Nyumba yachinayi, ndipo sindinapite kukamufunsa.”

Kuyambira tsiku limenelo mayi anabwezera mgaiwa ndi nyemba m'nyumba, ndipo pau anamuletsa pakhomo. Koma tauni inali itadzaza ndi pau, ndipo panalibenso Abiti woti awabweze. Bambo ankadya kumsika, kwa anzawo, ngakhale kuseri kwa tchalitchi. Titawauza kuti zonse zaululika, anangoti, “Mwakhala mukundizonda moyo wanga wonse,” n'kutembenukira kukhoma. Chilonda chinatsegukanso pa chala chomwe chija. Anadula chala, kenako phazi, monga ananenera mnyamata wa magalasi othyoka. Anamwalira patapita zaka zitatu, ndipo ndinawalira kwambiri, chifukwa ndinkawakonda, ndipo sanali munthu woipa. Anali munthu amene anaphunzitsidwa ali mwana kuti choyera ndicho chabwino, ndipo palibe anatha kuwachotsa zimenezo.

Maliro atatha, mayi ndi amene anati tipite kunyanja. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, tinatenga nyemba ndi nsalu yatsopano, ndipo tinayenda m'midzi itatu tikufunsa za Abiti Saidi ndi mwana wawo Asiyatu. Ena anati anafika ndithu, kenako anawolokera kutsidya nkhondo itakula. Ena anati magalimoto a mlungu umenewo sanafike onse. Shehe wina wokalamba anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti tikuwafuniranji patapita zaka zonsezi. Mayi anangoyang'ana nsalu imene anali nayo m'manja. Nsalu ija tinabwerera nayo, ndipo ili m'sutikesi mwanga mpaka lero.

Tsopano ndapuma pantchito yauphunzitsi, ndipo matenda a bambo aja anandipeza inenso, monga amachitira m'mabanja. Ndimadya mgaiwa wochepa, nyemba ndi masamba, ndimayenda wapansi kupita kumsika ngakhale anyamata a njinga zamoto andiitane chotani, ndipo mapazi anga onse awiri alipo. Adzukulu anga amandiseka. Amabwera ndi pau ndi botolo la zotsekemera, amati agogo amakayikira chilichonse, ngakhale chakudya. Sindiwatsutsa. Sindinena kuti pau ndi poizoni, wodya mwa apo ndi apo palibe chimene chimamuchitikira. Ndimangowauza kuti chinthu chimene achichotsa gaga yense, chimene chimakukhutitsa msanga n'kukubwezera njala msanga, ndiponso chimene ukuchidya m'mawa ndi madzulo chaka ndi chaka, uzichiyang'ana ndi diso limene umayang'ana nalo mlendo waulemu wopitirira.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti kukayikira sikunali kulakwa kwathu. Nthawi zinali zoipa, ndipo wosakayikira sankakhalitsa. Kulakwa kunali kumene tinakuloza. Tinakayikira namwino chifukwa anali wa boma, tinakayikira Abiti chifukwa anali wobwera, wachipembedzo china, wopanda womuikira kumbuyo. Chimene chinali pambale pathu, choyera ndi chonunkhira bwino, palibe anachifunsa funso. Ndipo mwa anthu onse amene anali pansi pa bulugamu m'mawa uja, amene ankadziwa zoona anali awiri okha. Mmodzi anakwezedwa pa lole, winayo anapatsidwa mpango.

Ndikadutsa pa nyumba yachinayi ija, pamene tsopano pali kagolosale, nthawi zina fungo la pau wotentha limandipeza mwadzidzidzi, ndipo mphuno yanga imafunafuna kausipa kaja koma osakapeza. Ndimaima pang'ono, anthu n'kumaganiza kuti mayi wokalambayu watopa. Sindikhala nditatopa. Ndimakhala ndikuyankha funso limene ndinafunsidwa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ngakhale wondifunsayo sindikudziwa kumene ali.

Ndinamva, Abiti. Ndinamva zonse.